Dzina la pa Chithunzi Chachitatu

Pa famu ina kufupi ndi Mvurwi, m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, mabalani oumitsira fodya akadali chiimire, ngakhale ena mwa iwo adasasuka madenga kalekale. Kuseri kwa mabalaniwo kuli komboni, mizere ya tinyumba ta njerwa ndi ta dothi momwe mumakhala anthu amene makolo awo adabwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Nyasaland, ku Tete ndi ku Fort Jameson. M'nyumba ina ya kumapeto kwa mzere, m'nyengo yozizira ya chaka cha 2025, mtsikana wina adatha masabata atatu akulimbana ndi ntchito imene poyamba ankaiyesa ya tsiku limodzi. Ntchitoyo inali yosankha zithunzi zosapitirira 8 zoti anthu azidzaona asanatsitse pulogalamu yake ya pa foni.

Pulogalamuyo adailemba yekha atabwerako ku Harare, kumene adaphunzira za makompyuta pa koleji ina kufikira ndalama za fizi zitatha. Si pulogalamu yaikulu. Mbali yake yoyamba ndi nkhokwe ya mawu. Munthu akadina liwu amamva nkhalamba ya pa komboni ikulitchula, kenaka amaona tanthauzo lake m'Chishona ndi m'Chingerezi. Mbali yachiwiri ndi kaundula wa kwawo kwa anthu, momwe banja limalembamo dzina la kholo limene lidawoloka Zambezi, boma lomwe lidachokera, mfumu yaikulu, nyakwawa, mfunda, ndi famu kapena mgodi kumene lidafikira. Chidam'kankhira ku ntchitoyi ndi maliro. Nkhalamba iliyonse ikamwalira pa komboni inkapita kumanda ndi dzina la mudzi wa kwawo, ndipo adzukulu ankatsala ndi yankho limodzi lokha akafunsidwa kumene adachokera: ku Malawi. Malawi wake uti, palibe ankadziwa.

Mbiri ya anthuwa akatswiri adailemba ndithu. Mu 1936 maboma a Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland adachita pangano la kayendedwe ka anthu ofuna ntchito, ndipo malole aulere ankanyamula amuna kuchokera kumalire kupita nawo ku mafamu ndi ku migodi. Kuyambira 1946 bungwe lolemba anthu ntchito, limene kumudzi ankalitcha Mthandizi, lidapitiriza ulendowo. Amene sadabwerere adatchedwa machona, liwu lomwe Zoe Groves adaliika pa mutu wa buku lake la mu 2020. Blair Rutherford, m'buku lake la mu 2001 lonena za mafamu a ku Hurungwe, adaonetsa mmene mwini famu ankakhalira ngati boma pa antchito ake, wolamula za nyumba, chakudya ndi milandu yomwe. Pamene mafamu adayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, antchito a m'mafamu anali oposa 300,000, ndipo ochepa okha ndiwo adalandirako malo. Chaka chotsatira lamulo la unzika lidasinthidwa, anthu obadwira m'dzikomo adauzidwa kuti akane unzika wa maiko amene ambiri a iwo anali asanawapondemo, ndipo amene sadathe kutero adasanduka alendo. Robert Mugabe adafika powatcha anthu opanda mfunda, mawu amene Anusa Daimon adawafufuza mizu yake m'nkhani ya mu 2018. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 ndiwo adabwezera unzika kwa obadwira ku Zimbabwe amene makolo awo adachokera m'maiko a SADC, nalemba Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Pa mndandandawo Chichewa chili poyamba penipeni, ngakhale kuti ulemu umenewu chidaupeza chifukwa cha alifabeti basi.

Mtsikanayo adakula nazo zonsezi osati ngati mbiri koma ngati nyengo, monga mmene munthu amakulira ndi chisanu cha mwezi wa June. Chitupa chachitsulo cha agogo ake aakazi chidali ndi chizindikiro cha mlendo kwa zaka zambiri. Tsono pamene ankatsegula akaunti yoikira pulogalamu pa Google Play, atalipira madola 25 a ku America amene amalipidwa kamodzi, nauzidwa kuti atumize chithunzi cha chitupa chake kuti atsimikizire kuti ndi iyeyo, adaseka yekha. Chitupa chidam'tsata mpaka pa intaneti. Mwamwayi chake chinalipo. Anzake angapo amene adaimba nawo kwaya alibe mpaka lero.

Zofunika pa tsamba la pulogalamu ndi zowerengeka. Dzina lisapitirire zilembo 30, mawu achidule ofotokoza asapitirire zilembo 80, pakhale kachizindikiro ka mapikiselo 512 mbali zonse, ndiponso zithunzi za pa sikirini, zosachepera 2 ndi zosapitirira 8 pa mtundu uliwonse wa chipangizo. Zithunzizi n'zojambulidwa kuchokera m'kati mwa pulogalamu momwemo, kuonetsa zimene munthu adzaone akaitsegula. Olemba mapulogalamu amadziwa kuti anthu ambiri sawerenga mawu ofotokoza aja. Amangoyendetsa chala pa zithunzi ziwiri kapena zitatu zoyambirira, n'kugamula. Miyezi khumi ya ntchito imaweruzidwa pa nthawi imene munthu amatenga pomeza malovu.

Zithunzi zake zoyamba zidakanidwa pomwepo, ndipo chifukwa chake chinali cha masamu. Lamulo limati utali wa chithunzi usapose kuwirikiza kawiri m'lifupi mwake. Foni yake, monga mafoni ambiri otsika mtengo a masiku ano, ndi yaitali ndi yopyapyala, ndipo imajambula zithunzi za mapikiselo 720 m'lifupi ndi 1,600 m'litali. Kuwirikiza 720 kawiri kumapereka 1,440, choncho mapikiselo 160 anayenera kuchoka. Adadula kamzere ka pamwamba ndi ka pansi. Kamzere ka pamwambako ndi kamene kamaonetsa nthawi, mphamvu ya netiweki ndi moto wa batire, ndipo pa zithunzi zake zonse kankanena chinthu chimodzimodzi: nthawi ili cha m'ma 2 koloko usiku, pamene intaneti imatsika mtengo, netiweki ili ndi kandodo kamodzi, batire yatsala pang'ono kuzima chifukwa kasola ka padenga sikadakhute dzuwa. Akatswiri amalangiza kuti kamzereka kaziyeretsedwa, pakuti kamasokoneza maso. Akunena zoona. Komabe pa chithunzi chonsecho, kamzere kodulidwako ndiko kankafotokoza bwino kumene pulogalamuyo idabadwira.

Vuto lachiwiri linali la chilankhulo. Polemba tsamba la pulogalamu, munthu amasankha chilankhulo pa mndandanda. Chiswahili chilipo, Chizulu chilipo, Chiamhariki ndi Chiafrikaans zilipo. Chichewa palibe, Chishona palibenso, ngakhale kuti makina otanthauzira mawu a kampani yomweyo adalandira Chichewa mu 2014 ndi Chishona mu 2016. Adasankha Chingerezi, nalemba zilembo zake 80 zija m'Chingerezi. Apa m'pamene adazindikira kufunika kwa zithunzi. Chithunzi sichifunsidwa chilankhulo. Mawu olembedwa m'kati mwake amadutsa pakhomo monga mwana wobisala m'chitenje cha amake. Ngati Chichewa chikanaoneka pa tsambalo mwaufulu, chikanaonekera pa zithunzipo, choncho adaganiza kuti chithunzi choyamba chikhale cha moni, mawu akuti "Muli bwanji?" olembedwa mokulira, ndi kabatani kodina kuti munthu amve.

Koma Chichewa chake chiti? Cha pa komboni chidadya nsima imodzi ndi Chishona kwa zaka pafupifupi zana. Anthu amati akupita ku basa, amati mari yatha, amatchula purazi ponena famu, ndipo mawu ena a Chilapalapa chimene azungu ankalamulira nacho antchito akadali kumveka pakamwa pa nkhalamba. Mphunzitsi wina wa ku Lilongwe, amene mtsikanayo adam'tumizira zithunzizo kuti amuonereko, adayankha mwaulemu kuti mawu angapo si Chichewa, ndipo ndi bwino kuwachotsa pa zithunzi kuopa kuti anthu a ku Malawi angaseke. Mtsikanayo adagona nawo malangizowo masiku awiri. Adafika pojambula zithunzi zatsopano zokhala ndi mawu osankhidwa, oyera ngati a m'buku la sukulu.

Amene adam'bweza anali agogo ake, ngakhale iwo sankadziwa kuti akum'bweza. Mayi wokalambayu adagwira ntchito yosankha fodya m'shedi zaka zoposa makumi atatu, ndipo zala zake zimadziwabe kusiyanitsa tsamba la pansi ndi la kunsonga ngakhale maso atseke. Usiku wina adafunsa chimene mdzukulu wake ankayang'anitsitsa pa galasi, ndipo atafotokozeredwa kuti zimenezi ndi zithunzi zoonetsa wogula asanagule, adagwedeza mutu ngati munthu amene wamva nkhani yakale.

"Ndiye ndi ndindi ya pamwamba pa belo imeneyo," adatero. "Ku okushoni amasolola fodya pakati pa belo. Akapeza kuti wa m'kati ndi wina, wa pamwamba ndi wina, belo limabwerera, ndipo foromani amafuna kudziwa adamanga ndani. Usamaike pamwamba tsamba loti m'kati mulibe, mwanawe."

Lamulo la msika wa pa intaneti limanenanso zomwezo, kuti zithunzi zionetse zenizeni za m'pulogalamu, koma mtsikanayo adalimva bwino litatuluka pakamwa pa wosankha fodya. Adabwezeretsa mawu a pa komboni pa chithunzi chachiwiri, basa pambali pa ntchito, ndi kamzere kofotokoza kuti ili limanenedwa ku Mashonaland, ili ku Malawi. Mphunzitsi wa ku Lilongwe sadalakwe pofuna kuteteza chilankhulo. Chimene sadachione n'chakuti chilankhulo chimene chidapulumuka m'makomboni popanda sukulu yochiphunzitsa sichingachititsidwe manyazi chifukwa cha zigamba zimene chidasoka pa ulendowo.

Mawu omwewo a agogo ndiwo adathetsanso nkhani ya gule. Mnzake wina wa ku Harare, wodziwa kukongoletsa zithunzi, adamuuza kuti aike chithunzi cha chilombo cha gule wamkulu poyamba penipeni, popeza ndicho chinthu chimodzi chimene aliyense ku Zimbabwe amawadziwa nacho anthu a m'mafamu. Amati zvigure. UNESCO idalemekeza gule ameneyu mu 2005, ndipo pa mafamu ndi migodi ya ku Mashonaland amavinidwabe pa maliro ndi pa zikumbutso. Chithunzi chake chikanakopa maso ndithu. Koma m'pulogalamumo mulibe gule. Akuluakulu a kudambwe adakana kuti mawu awo ajambulidwe, ndipo mtsikanayo, mwana wa mpingo wa CCAP wa Sinodi ya Harare, sadalimbikire. Ankadziwanso mmene ana a sukulu ankam'tonzera ndi liwu lomwelo ali wamng'ono. Kuika chilombo pa khomo la nyumba imene chilombocho sichikhalamo kukanakhala kunamiza wogula ndi kugulitsa za eni.

Chidatsala chinali chithunzi chachitatu, cha kaundula wa kwawo kwa anthu, ndipo pamenepa ndi pamene masabata adathera.

Mwambo wa olemba mapulogalamu ndi womveka ndiponso wanzeru. Pa chithunzi chopita kugulu saika dzina la munthu weniweni, nambala yake ya foni kapena kumene amakhala. Amapeka munthu, n'kudzaza mipata yonse ndi zopeka, chifukwa chithunzicho chikafika pa msika aliyense angachione ndi kuchisunga. Mtsikanayo adachita momwemo. Adapeka dzina la mwamuna, nam'patsa boma la Ntcheu, mfunda wa Banda ndi famu yongoganizira. Chithunzi chidatuluka chaudongo.

Agogo adaphunzira kuwerenga m'kalasi ya mpingo, pa Buku Lopatulika, ndipo amawerenga pang'onopang'ono chala chili pa liwu. Adawerenga dzinalo kawiri.

"Ameneyu ndi wa kwa yani? Sindikum'dziwa."

"Palibe munthu wotere, Agogo. Ndangopeka. Amatero kuti titeteze anthu."

Mayi wokalambayo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adanena zimene mdzukulu wake ankazidziwa mwapatalipatali chabe. Amuna awo, malemu, adachoka ku Dedza, dera la kwa Kaphuka, kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Atafika pa famu yoyamba, mzungu adalephera kutchula dzina lawo, ndipo kalaliki adalemba m'buku dzina lina lalifupi, la chinthu cha m'khitchini. Dzina limenelo lidalowa pa tikiti ya malipiro, pa tikiti lidapita pa chitupa, pa chitupa lidapita pa kalata ya imfa, ndipo ndi lomwe lidalembedwa pa kachitsulo ka pamanda kuseri kwa damu. Dzina limene amayi awo adawatcha silidalembedwepo paliponse. Amalidziwa ndi mkazi wawo ndi nkhalamba ziwiri zokha za m'bungwe la maliro.

"Kalaliki uja adapeka," adatero agogo. "Iwenso ukupeka? Lemba la agogo ako. Wakufa saopa kanthu. Kapena kwa Kaphuka kuli mwana wa mlongo wawo amene ali ndi foni ngati yakoyi."

Pempholi silinali lopepuka monga limamvekera. Amayi a mtsikanayo amakhala ku Bindura, kumene amagulitsa zovala pa msika. Chitupa chawo adachipeza zaka zapitazo polembetsa ngati mwana wa banja lina la Chishona limene lidawabwereka dzina, monga adachitira anthu ambiri a m'mafamu pamene panalibe njira ina. Amalankhula Chichewa ndi amayi awo okha, pa foni, chitseko chili chotseka. Atamva za chithunzicho adakana mwamphamvu. Iwo adaona ndi maso zimene zidachitika m'madera a mafamu pakati pa chisankho cha March ndi cha June mu 2008, pamene kukhala munthu wa pa komboni kunali kokwanira kuti ukayikiridwe. Adafunsa mwana wawo ngati akufuna kulemba pa khoma la dziko lonse kuti banja lakuti ndi alendo, ndipo amakhala pakuti. Adam'kumbutsanso kuti pa famupo iwo alibe pepala lililonse la malo. Amakhalapo chifukwa eni ake atsopano sadawathamangitse.

Onse awiri ankanena zoona, ndipo n'chifukwa chake mtsikanayo sadagone bwino sabata imeneyo. Wina ankaopa kuiwalika, wina ankaopa kudziwika, ndipo mantha onse awiriwa adabadwira pa komboni imodzi. Malangizo a akatswiri a mapulogalamu adalembedwa poganizira munthu amene dzina lake n'lodziwika kale, lolembedwa m'mabuku ambiri, amene chosowa chake ndi chinsinsi. Sadaganizire za munthu amene chinsinsi adachilandira mokakamizidwa kwa moyo wake wonse.

M'masiku omwewo pulogalamuyo inali m'manja mwa oyesa. Akaunti za anthu wamba zotsegulidwa kuyambira kumapeto kwa 2023 zimayenera kuyamba zayesetsa pulogalamu kwa masiku 14 osadukiza, ndipo chiwerengero cha oyesa, chimene poyamba chinali 20, chidatsitsidwa kufika pa 12 kumapeto kwa 2024. Kupeza anthu 12 okhala ndi foni yoyenera pa komboni kudatheka chifukwa cha kwaya ndi timu ya mpira. Mmodzi wa iwo, mnyamata wogwira ganyu yothirira nazale, ndiye adafunsa funso limene lidatsegula njira: kodi mipata yonse ya m'kaundula n'njokakamiza kudzaza? Sinali yokakamiza. Mwini wake adaiwala zimene adalemba yekha.

Chithunzi chachitatu chidajambulidwanso. Pa mpata wa dzina adalembapo dzina lenileni la malemu. Pa boma adalemba Dedza, pa mfumu adalemba Kaphuka, pa mfunda adalemba Phiri. Mpata wa famu adausiya wopanda kanthu, wa ana ndi adzukulu chimodzimodzi. Chithunzicho chinkanena kumene munthuyo adachokera, osanena kumene mbewu yake ili. Amayi a ku Bindura atachiona pa WhatsApp sadayankhe tsiku lonse. Madzulo adatumiza uthenga wa mawu, waufupi, wofunsa ngati dzinalo n'lomwelo ndithu, pakuti iwo anali asanalionepo litalembedwa.

Zithunzi zina zotsalazo sizidavute. Adaika cha mawu a ku munda, cha mawu a chibale pomwe malume, azakhali ndi mphwake zafotokozedwa, ndi china choonetsa kuti pulogalamuyo imagwira ntchito popanda intaneti, chinthu chimene pa komboni chimaposa kukongola kulikonse. Zonse pamodzi zidakwana 6. Mipata iwiri yotsalayo sadaone choikamo.

Usiku woti atumize, adapereka foni kwa agogo kuti aone komaliza. Mayi wokalambayo adadutsa moni, adadutsa basa ndi ntchito, nafika pa chithunzi chachitatu. Adapempha kuti chikulitsidwe. Chala chidayenda pa dzinalo chilembo ndi chilembo, ndipo chidaima pakati.

"Apa walemba chiyani?"

Mtsikanayo adayang'ana. Iye adaphunzira kulemba m'Chishona, chilankhulo chimene kalembedwe kake ka kusukulu kalibe l, ndipo dzanja lake lidaika r pamene panayenera kukhala l. Dzinalo linkamveka ngati la munthu wa ku Guruve.

"Pepani, Agogo. Ndikonza."

"Konza. Kwa Kaphuka sangamuzindikire ameneyu."

Adatsegula kaundula, nasintha chilembo chimodzicho, najambulanso sikirini. Batire inali itafiira. Adadula mapikiselo 160 aja, 80 pamwamba ndi 80 pansi, naperekanso foni kwa agogo, amene adayambiranso kuwerenga kuchokera pa chilembo choyamba.